Chipata Chimene Bambo Anamanga

Bambo anga anali mmisiri wa miyala pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi mtsinje wa Lirangwe. Ndi iwo anamanga chipata cha nyumba ya mzungu wa pamenepo, zipilala ziwiri zazitali zokhala ndi maluwa osema pamwamba. Kuyambira pachipatapo, mpanda wazitsulo zosongoka unkatsata mtsinje, ndipo m'kati mwake munali kanjira komwe dona, mkazi wa mzunguyo, ankapitidwamo mphepo masana.

Antchito ankalowera kuseri, kukhola la ng'ombe. Bambo atangomaliza ntchito yomangayo sanalowerenso pachipatapo. Akamapita kutchalitchi ankavula chipewa pamenepo, ngakhale pasakhale munthu.

Boma la Chitaganya lili pafupi kutha, mzungu uja anachoka. Ine ndinali kalaliki kubwalo la ndege ku Chileka. Mayi anali atamwalira, ndipo ine ndi bambo tinkachezerana ngati alendo, chifukwa sukulu inatitalikitsa. Lamulungu lina ndinapalasa njinga kukawatenga. Ndinkafuna kuti tilowe limodzi pachipata chawo, mwina tingapeze chokambirana.

Tinapeza chitseko chimodzi chitagwa, mbuzi zikudya m'kanjira ka dona. Bambo anavula chipewa.

"Ababa, tiyeni. Eni ake anapita."

"Anakutsanzika iweyo?"

"Mbuzi zalowa, nanga inu?"

"Mbuzi sizinalembedwepo ntchito pano."

Anagwira chitsulo chimodzi n'kuchigwedeza. Dzimbiri linawatsalira m'manja.

"Lowa iwe wa sukulu. Ukaone chipilala cha kumtsinjecho, mbali ya m'kati, pansi penipeni. Ndinamanga mvula ikugwa, kapitawo akundifulumiza. Matope ake sanandikhutiritse."

Zaka zonsezo ankadutsa pamenepo akuganiza za mbali imene sankatha kuiona. Ndinalowa ndekha, n'kukankha udzu ndi phazi. Panali mng'alu woti chala n'kulowa, wochokera pansi mpaka m'chiuno mwanga.

"Pali bwanji?"

"Palibe kanthu, ababa. Ndi cholimba."

Anandiyang'ana nthawi yaitali kudzera m'mipata ya zitsulo.

"Wachedwa kuyankha," anatero.

Anavala chipewa n'kuyamba ulendo wobwerera. Ndinawatsatira ndikukankha njinga, iwo patsogolo, mpaka kumudzi. Pakhomo anandifunsa ngati ku Chileka kumapezeka simenti. Ndinati ndifunsa.

Ndinabwera ndi thumba limodzi la simenti mwezi wotsatira, koma miyendo inali itayamba kuwatupa. Thumbalo linauma lili pakhonde.