Apozi Wachisanu ndi Chimodzi

Ine kulemba ndimachita kukwawa, chilembo chimodzi ndipume, china ndipume, koma iyi yokha ndilemba ndithu. Tsiku lake ndi lija anandiimbira foni kuti mdzukulu wanga wachira kuchipatala ku Zomba, wabereka mwana wamwamuna, wabwinobwino. Ndinalulutira mpaka nkhuku zinabalalika pabwalo. Ndinamanga duku langa lopitira kutchalitchi, ndinakwera minibasi pa Songani, njira yonse ndikungoyimba chapansipansi.

Kwa mayi wochira kumene supita chimanjamanja. Nthochi n'zakwathu, wazidya mpaka kutopa nazo. Ndinati ayi, lero adye maapozi, ofiira psuu, a m'sitolo yaikulu ya m'tauni ija yozizira ngati m'mawa wa Juni.

Pakhomo pa sitoloyo pali khoma, ndipo pakhomapo anamata zithunzi za anthu ogwidwa akuba. Wina atagwira sopo, wina atagwira chitini cha mkaka wa mwana, onse maso pansi. Aliyense wolowa amayamba waima n'kuyang'ana ngati pali wakwawo.

Mkatimo maapozi analipo mbwee, koma wogulitsa panalibe. Panali sikelo yokha. Ndinaonera kwa bambo wina amene anali patsogolo panga: waika m'jumbo, waika pasikelo, wadina chithunzi, kapepala ka mtengo katuluka, wamata. Inenso asanu m'jumbo, pasikelo, dinu, kapepala tswii! Ine mwana wa alimi, makina andimvera!

Tsono mverani. Ine ndagulitsa matimati pa Songani kuyambira ana anga ali kumsana. Munthu akagula mulu, umamuikira limodzi pamwamba, pulaizi, kuti apite akusekerera. Wosaika pulaizi timati ndi wouma mtima. Ndinadikira pang'ono, ndinayang'ana uku ndi uku, palibe wondiikira. Ndinati sikeloyi ilibe manja, isachite manyazi, ndiithandize. Ndinasankha kapozi kakang'ono, chifukwa pulaizi sasankha wamkulu, n'kuponya m'jumbo. Kenako ndinaweramako pang'ono n'kuombera m'manja, zikomo.

Polipira, mtsikana wapakauntala anaikanso jumbo pasikelo yake. Makina analira, pii pii pii. Anayang'ana kapepala, anayang'ana ine.

"Agogo, jumboyi yalemera kuposa zomwe zalembedwa apa."

"Eya mwanangu, muli pulaizi."

"Muli chiyani?"

Asanamve bwino, mlonda anali atafika kale, bambo wamtali wa yunifolomu yotuwa. "Mayi, tiyeni kuofesi. Timawadziwa, amamata kaye kapepala kenako n'kuwonjezera."

Anthu pamzere anatembenuka. Muofesimo mlonda uja anandigwiritsa jumbo pachifuwa, foni m'mwamba, thwa, wandijambula. Apa mpomwe ndinakumbukira khoma lija. Anthu a ku Domasi, a ku Naisi, a ku Malosa amalowa m'sitolo imeneyo. Mawa lake azimayi anzanga a kumpingo akanaima pakhoma paja n'kuona duku lomwe amalidziwa. Mwana wobadwa lero akanakula akumva kuti tsiku lobadwa iye agogo ake anaba.

"Achimwene," ndinatero, "chilipireni ndilipira. Koma nkhope yanga musaimate."

"Onse amatero," anatero iye. Sananene mwankhanza, ananena ngati munthu wotopa. "Zikasowa m'shelefumu amafunsa ine, mayi. Ndiwauza chiyani?"

Analowa bwana wa sitolo, mayi wa magalasi, wamsinkhu wa mwana wanga wachiwiri. Ndinamufotokozera zonse, za pa Songani, za mulu wa matimati, za sikelo yopanda manja. Anati pamwamba pa sikelo analemba kuti osawonjezera ukayeza. Ndinati mwanangu, zilembo zachizungu ine zimangondidutsa ngati malole.

Anatembenuzira kwa ine kanema wa makamera n'kubweza m'mbuyo. Ndinadziona ndekha! Uyo ine ndikudina, uyo ndikudikira, uyo ndikusiya aakulu n'kutola kakang'ono. Kenako uyo ndikuwerama, manja phu phu phu, kuthokoza chitsulo.

Kuseka anayamba ndi mlonda. Anayesa kutseka pakamwa ndi chipewa, zinakanika. Bwana anavula magalasi akupukuta misozi.

"Bwezaninso pamenepo abwana," anatero mlonda. "Mayo ine! Agogo, sikelo inayankha?"

"Inachita mwano ngati iwe," ndinatero, ndipo tonse tinagwa nako kuseka.

Bwana anati, "Wakuba sasankha chaching'ono, ndipo sathokoza. Agogo, muno pulaizi mulibe. Eni sitolo sanaiikemo."

"Ndiye auzeni kuti akudwala," ndinatero.

Kapozi kaja ndinalipira, anayezanso onse asanu ndi mmodzi. Koma ndisanatuluke ndinafunsa za mayi wa chitini cha mkaka uja, ngati naye anamubwezera kanema kuti aone nkhope yake potola. Bwana anangoti chithunzi chakecho anachipeza kale pakhomapo iye asanayambe ntchito. Si ine woweruza, ine amene ndinali nditangopulumuka.

Ndinaima pafupi ndi mlonda. "Tsono chithunzi chija."

Anatulutsa foni. Ndinati ndione kaye. Ndinaona gogo wamantha, milomo ili gwa, atakumbatira jumbo ngati khanda. Ameneyo sindinamudziwe.

"Fufutani ndikuona."

"Dinani nokha agogo, si inu katswiri wa makina?"

Anandigwira chala n'kuchiika pamalo pake. Ndinadina, gogo uja anazimirira.