Ndinkayesa akupemphera

Inu owerenga, ine ndinalakwira munthu wamkulu chifukwa cha kapu imodzi ya tiyi, ndipo mpaka lero mtima wanga sunakhale m'malo.

Ndimaphunzira ku yunivesite ku Wolverhampton kuno ku Mangalande, koma m'mawa ndimagwira ntchito m'kashopu ka khofi ku West Bromwich, pafupi ndi pokwerera tiramu, sitima ya m'tauni. Masiku ano anthu ambiri amaoda pa foni adakali kunyumba. Maoda awo amatulukira pa sikirini pamwamba pa makina a khofi, ndipo oda ikachedwa imafiira, manijala n'kuyamba kukuyang'ana ndi diso loipa. Munthu akhoza kulowa n'kupeza shopu ili zii, osadziwa kuti patsogolo pake pali mzere wa anthu osaoneka.

M'mawa wina wozizira kwambiri analowa aNachisale, mayi achikulire a kutchalitchi kwathu. Anabwera kuchokera ku Dedza kudzalera mdzukulu, poti mwana wawo ndi nesi. Anapempha tiyi wa shuga wambiri, mawu ali pansipansi. Kunja kukuzizira chonchija, iwo thukuta lili kamukamu pamphumi, manja akunjenjemera. Ndinaziona ndithu, sindinganame.

Koma sikirini inali itafiira psuu. Mumtima ndinati a pa foniwa akachedwa amakadandaula kwa mabwana, pomwe wakwathu amvetsa.

"Amayi, takakhalani apo, ndikubweretserani pompano."

"Musadzivute mwananga, ndidikira," anatero.

Ndinayamba kupanga khofi wa anthu amene anali asanafike n'komwe, makapu n'kumangowandanda pashelefu, akuzizira. Ndikati ndamaliza, maoda ena atatu tulukiru. Nditacheuka, ndinaona aNachisale aweramira patebulo, mutu uli pamanja, milomo ikugwedera. Kutchalitchi amapemphera chomwecho, ndiye ndinati ndisawasokoneze. Abale inu, nzeru zake zimenezo?

Tiyi ndinawapititsira patatha pafupifupi theka la ola. Nditawagwira paphewa, anangopendekeka n'kugwa, mutu n'kumenyetsa pansi. Ndinaitana ambulasi ndikulira. A ambulasiwo anati shuga anali atatsikiratu m'thupi. Zinadziwika pambuyo pake kuti anadzibaya jakisoni wa matenda a shuga n'kutuluka m'nyumba osadya kanthu. Tiyi uja ndiye anali mankhwala awo.

Ali m'chipatala mpaka pano. Maso amatsegula, koma mwana wawo weniweni sakumuzindikira.

Chimene chikundidya m'kati n'chakuti nesi uja sadziwa kuti amayi ake anadikira nthawi yaitali bwanji. Amauza aliyense kuti Mulungu anachita kuika mwana wa ku Malawi m'shopu muja kuti awapulumutse. Akandiona amandikumbatira. Ine ndimachita manyazi, ndipo ndili ndi mantha.

Inu amene mumagwira ntchito ngati yangayi, chonde, yambani mwayang'ana nkhope ya munthu amene waima patsogolo panu. Manijala akakalipa, mawa aiwala. Wofatsa uja, amene sadandaula, ndiye muzimufunsa kawiri ngati ali bwino. Ndipo musamuike pomalizira munthu chifukwa choti ndi wakwanu.

Lamlungu likudzali abusa akuti ndikaimirire kutsogolo kuti mpingo wonse undithokoze. Ndavomera, poti ndinasowa pokanira. Nesi uja wandipempha kuti ndikafotokoze zonse mmene zinayendera, kuyambira pamene amayi ake analowa pakhomo.