Kompyuta Imene Inkanditcha Yione

Lachisanu, pa 16 Meyi

Ndangomaliza kutong'ola chimanga ndi amayi. Zala zikuwawa, koma ndati ndilembe dzuwa lisanalowe, chifukwa lero zachitika zinthu ziwiri ndipo zonse zikuloza kwa munthu mmodzi.

Choyamba chachitikira kusukulu. Aphunzitsi a kompyuta anati aliyense alembe dzina lake pamwamba pa tsamba, ndipo ine, mtsikana wa Folomu 4, ndinalemba kuti Yione. Tadala, amene timagawana naye kompyuta, anakuwa kuti, "Iwe Zione, mayeso ayandikira chonchi, dzina lako lomwe sukulidziwa?" Kalasi yonse inaseka. Ndinafufuta msangamsanga nkhope ili pansi, koma mumtima sindinadandaule kwenikweni. Chala changa sichinalakwe. Chinangokumbukira kumene chinaphunzirira.

Chachiwiri andiuza ndi amayi tili pamphasa. Akumana mu minibasi ndi anti Mariamu, mwana wa Che Amidu amene tinkakhala nawo moyandikana. Akuti nyumba yawo ya ku Chileka yachepa, adzukulu achuluka, ndiye makompyuta akale a bambo awo, amene adzaza chipinda chonse, Lolemba abwera kudzawatenga anthu ogula zitsulo. "Akuti amakaswa n'kuchotsamo mawaya," anatero amayi, osazindikira chimene chagwetsa chisononkho m'manja mwanga. M'chitini changa cha mabisiketi, pansi pa madayale akale, muli disiketi yabuluu, kachipangizo kakale kosungira zolemba za pa kompyuta. M'menemo muli mawu amene Che Amidu anandilembera zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, ndipo sindinawawerengepo. Kompyuta imene ingaitsegule ndikuidziwa ndi imodzi yokha, ndipo ili m'gulu lopita Lolembalo.

Ndikakumbukira Che Amidu, ndimamva fungo la fumbi lotenthedwa ndi makina, losakanikirana ndi la tiyi wa mandimu amene ankazizirira pawindo m'kapu yachitsulo. Shopu yawo inali kutsogolo kwa nyumba imene tinkachita lendi pa Lirangwe, kachipinda kamodzi koyang'ana msewu waukulu, moti malole akamadutsa, magalasi a makompyuta ankanjenjemera. Pakhoma la panja wina anawajambulira kompyuta, koma inkaoneka ngati mbaula. Mkati munali makompyuta anayi, otupa kumbuyo ngati mitsuko, oyera pogulidwa koma atasanduka achikasu, ndipo akaweruka ankawafunditsa zitenje za malemu akazi awo. Ankataipira anthu makalata ofunsira ntchito ndi makadi a ukwati, ndipo pashelefu pankakhala mamausi, mawaya ndi mabokosi a madisiketi amene ine sindinaonepo munthu akugula. Pulinta yawo ikayamba ntchito inkalira ngati nyenje za mu Okutobala, mpaka amayi kuseri ankati, "Agogo ako lero apeza kasitomala."

Kale anali kalaliki ku bwalo la ndege ku Chileka, ndipo makinawo anawagula pamene maofesi ankataya akale. Iliyonse anaipatsa dzina. Kunali Bwanamkubwa, kunali Mlesi imene inkachedwa kuyaka moti ankayamba amwa tiyi, kunali ina yosagwira ntchito imene ankangoiti Odwala, ndiye kunali Mjeremani. Za makampani amene anapanga makinawo ankakamba ngati akukamba za abale omwalira. Ankasisita kachizindikiro kofufutika pachifuwa pa kompyuta n'kunena kuti, "Iyi kampani yake inafa kalekale. Wachibale watsala ndine ndekha." Ankakondanso kunena za mashopu a m'tauni a masiku awo. "Mu Blantyre munali mashopu a makompyuta okhaokha. Ukalowa umachita kupukuta mapazi, mozizira ngati m'firiji, makatoni atsopano akununkhira, anthu a mataye akukufunsa kuti tikuthandizeni bwana. Pita lero, ukapeza akugulitsamo makava a foni."

Tsiku loyamba kulowamo ndinali Sitandade 3. Ndinali mwana wosayankhula, woti mlendo akandipatsa moni ndinkayang'ana zala za kumapazi. Amayi anandituma kuti ndikapereke kalata ya bambo yolemba pamanja kuti aitaipe. Ndinaima pakhomo nthawi yaitali, pepala likunyowa ndi thukuta.

"Lowani mayi, mukunditchingira mphepo," anatero Che Amidu osatembenuka n'komwe.

Ndinalowa n'kupereka pepala ndi manja awiri.

"Dzina ndani?"

Ndinayang'ana zala za kumapazi.

"Chabwino. Pakamwa pakukana, koma zala muli nazo. Khalani apa."

Anandikhazika pampando wa Mjeremani, atasanjapo makatoni kuti ndifikire, n'kundiuza kuti ndilembe dzina langa. Ndinafunafuna Z mpaka ndinaipeza mu mzere wa pamwamba. Nditadina, pagalasi panatuluka Y. Ndinapitiriza chifukwa sindinkadziwa kufufuta.

"Yione!" anawerenga mokweza. "Dzina lachilendo ili. Mwachokera dziko liti, a Yione?"

Ndinapukusa mutu. Ndinadinanso Z ija mwamphamvu, panatuluka Y wina.

"Ayi, makina sanama. Akuti Yione, ndiye ndinu a Yione basi."

"Ndine Zione!" Ndinakuwa, ndipo mawuwo anandidzidzimutsa ine ndemwe.

Anaseka mpaka chipewa chawo choyera chinagwera pa kiyibodi. "Kodi mawu alipo! Ndiye mumawasungira ndani?"

Kenako anandifotokozera. Mjeremani anabwera kuchokera kunja ndi kiyibodi ya kwawo, ndipo Z ndi Y zinali zosinthana. "Ukafuna Z, dina Y. Ukafuna Y, dina Z. Usamunyoze, ndi mlendo, Chichewa akuphunzira ngati iwe." Masabata oyamba ndinkaiwala, ndiye amayi ankatuluka amazi, nyumba inkatuluka nzumba, zikomo ankatuluka yikomo. Ameneyu yikomo tinamusunga. Ndikawabweretsera madzi ankati yikomo, akandigawira chigumu ine n'kunong'ona yikomo, ndipo panalibe wina pa Lirangwe ponse amene ankadziwa chimene tikusekerera.

Ndinayamba kupitako tsiku lililonse ndikaweruka. Tsiku lina anatsegula bokosi limodzi la pashelefu, natulutsa disiketi yabuluu, nalemba pakapepala kake ndi bolopeni kuti YIONE. Anandionetsa kuilowetsa m'kakamwa ka Mjeremani, mmene inkakukuta ngati mbewa ili m'thumba la mtedza. "Umu ndi mwako," anatero. "Ine sindiwerenga za eni." Ndipo ankasungadi mawu awo. Ndikayamba kulemba ankatembenuza mpando, n'kumachotsa kampira ka pansi pa mausi ndi kukapala litsiro ndi kamtengo ka machesi, akung'ung'udza nyimbo ya Chiyao. Ine ndinkalemba zonse zimene zinkandikanika kunena: kuti ndimaopa kuwerenga mokweza m'kalasi, kuti yankho ndimalidziwa koma dzanja limalemera, kuti ndikufuna nsapato ngati za mwana wa a hedi. Dayale yanga inayambira pamenepo. Lachisanu masana ankatseka kupita ku mzikiti, ine n'kumawadikira pakhonde, disiketi ili m'thumba la yunifolomu, ndikuigwiragwira kuti ndione ngati ikadalimo.

Sindinaone kuti shopu ikufa. Mwana saona zimenezo. Ndinkangosangalala kuti masiku ano Mjeremani sakhala ndi anthu. Kutsidya kwa msewu kunatsegulidwa kakibanda ka laputopu koikira nyimbo m'mafoni, ndipo makalata anthu anayamba kulemba pafoni pomwepo. Ndikukumbukira bambo wina amene anabwera ndi fulashi, nazungulira Bwanamkubwa kufuna polowetsa, osapapeza.

"Madala, izitu n'za ku myuziyamu," anatero.

"Inenso ndine wa komweko, bambo," anayankha Che Amidu, "koma ndikupumabe."

Bamboyo atatuluka, Che Amidu anadzuka n'kupukuta galasi la Bwanamkubwa ndi mkono wa malaya, ngakhale linalibe fumbi. Nthawi imeneyo maso awo anali atayamba kuchita ng'ala. Ankataipa mphuno itatsala pang'ono kugunda galasi, ndipo kawiri konse khadi la ukwati linabwezedwa chifukwa dzina la mkwatibwi linalakwika. Ndili Sitandade 5, anti Mariamu anabwera n'kunena kuti basi, bambo akapume ku Chileka.

Kutatsala masiku ochepa kuti asamuke, Che Amidu anandipempha disiketi ija. "Ndibwereke. Sindiwerenga, ndingowonjezeramo kanthu." Ndinawapatsa. Sabata yonseyo ndinkakonzekera zoti ndidzanene potsanzikana. Ndinkayeserera popita kumjigo, ndinkayeserera potsuka mbale. Anali mawu ochepa chabe.

Tsikulo pikapu inaima kutsogolo kwa shopu m'mawa. Anthu ananyamula makompyuta ali chifundire zitenje zija, ngati odwala opita kuchipatala. Nditaona Mjeremani akutuluka, ndinathawira kuseri kwa bafa n'kumasuzumira pa mpata wa udzu.

"A Yione ali kuti?" ndinawamva akufunsa.

"Zione! Tabwera udzatsanzike agogo ako!" anaitana amayi. "Mwana ameneyu manyazi ake andichititsa manyazi ine."

"Musamukalipire. Abwera."

Anaima pamenepo atagwira ndodo, nkhope italoza kunyumba kwathu, dalaivala akuimba hutala. Ine sindinatuluke. Pomaliza anatulutsa disiketi m'thumba la mkanjo n'kupereka kwa amayi. "Mumuuze kuti ndalembamo zanga pang'ono kumapeto. Akafuna kuwerenga, Mjeremani ali ku Chileka. Sakuthawa."

Nthawi imeneyo ndinkaona ngati anaiwala kuti pa Lirangwe sipatsala makina otsegulira disiketi. Ndazindikira mochedwa kuti sanaiwale. Kunali kundiitana. Ku Chileka si kutali, ndege zikamatsika timaziona tili pakhomo pano. Koma chaka choyamba ndinkachita manyazi kuti ndinabisala, chaka chachiwiri ndinkachita manyazi kuti chaka chatha ndisanapite, ndipo manyaziwo ankangosanjikizana ngati makatoni a pampando uja. Nditafika Folomu 1 ndinazungulira makompyuta onse a kusukulu kufuna kakamwa kolowetsa disiketi, ngati bambo wa fulashi uja, osakapeza. Tadala ataiona anafunsa ngati ndi kagalasi kodziyang'anira. Mushopu muja tsopano amametamo tsitsi. Khoma analipaka utoto wobiriwira, koma dzuwa likapendeka, kompyuta yonga mbaula ija imaonekabe pansi pa utotowo, ndipo ndikamadutsa ndimayang'ana kumbali.

Lero tikutolera zisononkho ndinafunsa amayi kuti, "Nanga Che Amidu ali bwanji?"

"Maso anatheratu, saonanso. Koma mutu uli bwinobwino. Akuti amangofunsa kuti kodi a Yione anafika kalasi yanji. Anti akowo amati mwina bambo ayamba kusokonezeka, dzina lotero kulibe."

Ndinadzuka ngati ndikukatenga lichero kuti amayi asandione m'maso.

Ndatulutsa disiketi, ili pamwendo panga pano. Inki ya dzina lija yafiira, ndipo kachitsulo kake kachita dzimbiri pakona. Mwina inafa kalekale. Mwina Mjeremani sakayaka, mwinanso tikapeza magetsi kulibe. Ndaganiza zonsezo. Ndaganizanso china chimene chikundiopsa kuposa izi: ikakatseguka, iwo sangaone pagalasi, ndiye wowerenga ndikakhala ine, mokweza, anti Mariamu ndi adzukulu onse akumva. Ikakakana, ndiyenera kukawafunsa ndi pakamwa panga kuti analemba chiyani. Kulikonse kumene zingagwere, zala zokha sizikandithandiza.

Amayi ndawapempha, avomera. Anangoti, "Ukapite ndi nthochi, usakalowe chimanjamanja." Mawa ndikasesa ndi kutunga madzi, ndikwera minibasi mpaka pa Kameza, kenako ya ku Chileka, disiketi ili m'thumba. Ndikakafika sindikaima pakhomo kuwatchingira mphepo. Ndikanena odi mokweza, ndipo akakafunsa kuti ndani, ndikayankha kuti, "Ndine Yione, agogo. Ndili Folomu 4. Ndabwera kudzanena yikomo."