Che Basi ndi Masupuni Obooka

Pa zonse za Che Wadi, chimene sindinachimvetse mpaka lero ndi ichi: munthu wapabanja, wamutu wabwinobwino, wosaphonya swala ya Lachisanu, amatha bwanji kugwira nsomba yaikulu m'manja, kuiyang'ana m'maso, kenako n'kuibwezera m'madzi ngati anachita kubwereka? Ndinaphunzitsa pa sukulu ya mishoni ku Malindi kwa zaka zambiri, ndipo mitu ndinaiona yamitundumitundu. Mutu wa mtundu umenewu sunakhalepo pa benchi yanga.

Che Wadi anabadwira kwa Mponda. Kuno anabwera chifukwa cha ukwati, kudzakhala mkamwini kwawo kwa akazi awo, Abiti Hafizi, m'mudzi woyandikana ndi wathu. Poyamba anali munthu ngati wina aliyense, ndipo palibe akanaononga inki kulemba za iwo. Ankagwira ntchito kutsidya, pa hotela ina ya cha ku Makokola, kumene ankayendetsa boti la alendo okonda kuwedza. Kumapeto kwa mwezi ankabwera ndi shuga, sopo ndi matewera a mwana, ndipo apongozi awo ankawatchula dzina powaitana.

Mwa alendowo munali mzungu wina wa ku Joni, wofiira khosi, amene antchito anamupatsa dzina loti Chipewa. Ameneyu ankabwera chaka ndi chaka. Akagwira ncheni ankaichotsa bwinobwino pa mbedza, kuipsompsona pamphumi, kujambulitsa nayo, n'kuiponyanso m'nyanja. Antchito anzawo a Che Wadi ankangoti ndi matenda a anthu okhuta. Che Wadi okha ndiwo anaona kuti apa pali chiphunzitso. Chipewa anawauzanso kuti ncheni ndi nsomba ndithu, koma nsomba yeniyeni ndi ina ya kwawo yotchedwa basi: yakamwa lalikulu, yobisala m'mabango, yolumpha m'madzi ikakodwa, ndiponso yoganiza. Pa ulendo wake womaliza, mawondo atayamba kumukana, anawasiyira ndodo yowedzera ya kagudumu kokulungira chingwe, ndi bokosi lodzaza nyambo zabodza. Posakhalitsa hotela inasintha eni ake, kunayamba kubwera alendo ongofuna kugona padzuwa, ndipo Che Wadi anabwerera kwa akazi awo ndi ndodo, bokosi ndi chikhulupiriro chatsopano.

Asodzi a pa gombe lathu atawaona akupalasa bwato kulowera kumabango, kumene munthu wanzeru sapita chifukwa cha ng'ona, anawafunsa mwaulemu.

"Mukusaka chiyani kumeneko, Che Wadi?"

"Basi."

"Basi bwanji? Ife tangofunsa."

"Ndati basi."

Ena anakwiya kuti mkamwini wayamba mwano. Bonface, msodzi wa pakamwa posatseka, anawalangiza kuti basi amadikirira ku depoti ku boma, osati m'mabango, ndipo kuti ikabwera amusungireko mpando wa pawindo. Kuyambira tsiku limenelo dzina la Wadi linatsala pa chitupa chokha. Ngakhale ana a ku madarasa ankati Che Basi.

Kwa ine anabwera chifukwa cha Chingerezi. Nyambo iliyonse inali ndi kapepala kake kofotokoza kagwiritsidwe ntchito, ndipo ankafuna ndiwawerengere. Ndinawerenga. Nditatha ndinawauza, monga munthu wowafunira zabwino, kuti nsombayo njochokera ku Amereka, ndipo sindinamvepo kuti wina anaionapo m'nyanja yathu ino.

"Aphunzitsi, munalowamo?" anandifunsa.

"Sindinalowemo."

"Ndiye mwaona."

Ndinaona kuti pamenepo maphunziro anga athera, ndipo ndinawathirira tiyi wina.

Tsiku lina m'mawa ananditenga pa bwato kuti ndikaone ndekha. Sindikonda madzi, koma ndinkafuna kudziwa chimene bambo wamkulu amachita tsiku lonse kumabango. Tsopano ndikudziwa: amasankha. Anatsegula bokosi lija n'kuliyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene mayi amasankhira chitenje cha paukwati. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana madzi, anaviika chala.

"Mmawa ngati uno, madzi ali phee, timayamba ndi chule," anatero, akutulutsa chule wa labala wobiriwira kuposa chule aliyense amene Mulungu analenga. "Mumamuponya pafupi ndi bango. Osakoka msanga. Mumadikira mizere ya madzi ithe. Kenako kokani pang'ono, imani. Kokani pang'ono, imani. Basi imaluma poima, osati pokoka."

Panalibe chinaluma, poima kapena pokoka. Zimenezi sizinawadetse nkhawa. Anandiphunzitsa katekisimu yense. Dzuwa likakwera nsomba imatsikira pansi, ndiye umamangirira nyongolotsi yapulasitiki n'kumaikwakwaza pamchenga pang'onopang'ono, ngati munthu wopita kukapepesa. Mvula ikagwa madzi n'kuda, umafuna nyambo ya mtundu wowala, kapena ija yokhala ndi timiyala m'mimba, kuti nsomba ikalephera kuona imve. Madzi akayera umachepetsa nyambo ndi chingwe chomwe, poti nsomba yoganiza imaona bodza lalikulu ili patali. Mwera ukaomba nsomba imachita ulesi, ndiye nawe uchite ulesi. Pa mutu womalizawu ndinaona kuti anali atafika patali.

Kenako anamangirira kachitsulo konyezimira kooneka ngati supuni, tinatuluka pang'ono kupita kwakuya, ndipo pa kuponya kwachiwiri ndodo inapindika. Inali ncheni yotalika ngati mkono wanga, ya mano ngati a galu. Ndivomere kuti m'kamwa mwanga munadzaza malovu. Che Wadi anainyowetsa manja, anaichotsa pa mbedza mofatsa, anaiyang'ana.

"Pepani, si inu," anaiuza, n'kuitsitsira m'madzi.

Sanaipsompsone. Mbali imeneyo ya chiphunzitso anaikana, akuti njachikunja.

Nyambo za Chipewa sizinakhalitse. Zina zinatsala m'mabango, zina ncheni zinadula chingwe n'kupita nazo, ndipo chule uja anamezedwa ndi kamwana ka ng'ona kamene mwina nakonso kankaganiza. Apa Che Wadi anayamba kupanga zawo. Patapata wakale ankasanduka chule. Tambala wa apongozi anayamba kuyenda wopanda nthenga za kumchira. Koma luso lawo lenileni linali pa supuni: ankadula chogwirira, kuboola ndi msomali uku ndi uku, kuipinda pang'ono kuti izigwedezeka m'madzi ngati usipa wovulala, kuikwecha ndi phulusa, n'kumangirira mbedza. Sindine munthu woyamikira msanga, koma supuni zimenezo ncheni zinkazithamangira. Bonface anaonera, anapanga zake, ndipo lero nyumba yake ndi yamalata. Mwini luso ankabwera kunyumba ndi manja onunkha nsomba, opanda nsomba.

Masupuniwo sankagwa kumwamba. Abiti Hafizi anali ndi masupuni abwino amene mlongo wawo anawabweretsera kuchokera ku Joni, osungira alendo. Anayamba kuchepa. Poyamba anakalipira mwana wawo Rahma kuti amawataya potsuka. Kenako anakayikira mnansi, ndipo amayi awiriwo anatha nyengo yonse ya dzinja osapatsana moni. Choonadi chinatulukira pa mjigo, pamene mkazi wa Bonface anafunsa mokoma mtima ngati supuni zamaluwa pachogwirira zija zatsalako, poti amuna ake akuti zimenezo ndiye zimakola kwambiri.

Abiti Hafizi masupuni akanawapirira. Chimene sanathe kupirira ndi kupita kwa anansi ndi kambale kukapempha usipa, pamene mudzi wonse waona amuna awo akubweza ncheni m'nyanja m'mawa womwewo. Amayi pa mjigo ankati Abiti Hafizi ali pa mitala, ndipo mkazi wamkulu ndi nyanja. Choncho anaitanitsa amalume awo, Che Zubairi, amene ndiwo anali nkhoswe ya banjalo. Ine anandiitana ngati mboni, poti ndine ndinawerenga timapepala tija.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Che Zubairi ndi munthu wogulitsa nsalu, wozolowera kufunsa mafunso aafupi.

"Akamwini, nsomba mumagwira?"

"Ndimagwira."

"Zili kuti?"

"Zili bwino."

"Sindikufunsa za umoyo wawo. Bwanji sizifika pakhomo pano?"

"Si zimene ndikufuna. Ine ndikufuna basi."

"Chabwino. Tsiku limene mudzaigwire basiyo, mudzabwera nayo?"

Che Wadi anayang'ana zala zawo.

"Imeneyo ndiye sadya n'komwe," anatero. "Amangoijambula."

"Muli ndi chojambulira?"

"Ndilibe."

Abiti Hafizi anakonza mpango wawo kumutu. "Amalume, mwadzimvera nokha. Anzanga anakwatiwa ndi asodzi. Ine ndinakwatiwa ndi munthu wopita kukapereka moni kwa nsomba. Ana anga amamwa phala ndi zala, nsomba zikudyera masupuni a ku Joni."

"Sizidyera," anatero Che Wadi. "Zimangoluma."

Che Zubairi anandiyang'ana ngati ndinenepo kanthu. Ndinati timapepala tija sitinanene chilichonse chokhudza banja.

Chigamulo chinali chachifupi ngati mafunso. Mwezi wa Ramadani unali kutha. Ngati pofika tsiku la Idi pakhomopo padzakhala pasanalowe nsomba yogwidwa ndi manja a Che Wadi, atenge ndodo yawo abwerere kwa Mponda. Nyumba ndi ya mkazi, munda ndi wa mkazi, ana ndi a kuchikazi. Chawo chinali bokosi.

Masiku otsatira anthu anapeza chochita. Amuna osala kudya, amene masana amasowa choiwalira njala, ankakhala pamthunzi pa gombe n'kumaonerera bwato la Che Basi. Ndodo ikapindika ankaimirira. Nsomba ikabwerera m'madzi ankakhalanso pansi, ena akupukusa mitu, ena akuseka. Rahma ankabwera kudzatsuka mbale zotsukatsuka kale, osayang'ana kunyanja, koma osachokanso.

Mmawa wa tsiku lomaliza la kusala ndinapita nane ku gombe, ndikudziuza kuti ndikukagula usipa. Che Wadi sanapite kumabango. Anapalasa molunjika kwakuya, pamalo poonekera kwa aliyense, anamangirira supuni, naponya. Sipanapite nthawi. Ncheni imene anaikweza inali yaikulu kuposa ija ndinaiona ine. Anaigwira ndi manja awiri nthawi yaitali. Kenako anatenga nkhafi n'kuimenya pamutu kamodzi.

Anadutsa pakati pathu osayang'ana munthu, nsomba ili paphewa, n'kukaiika m'lichero pakhonde la akazi awo. Anthu anawayamikira ngati wodwala amene wadzuka. Che Zubairi anati mlandu watha, akamwini akhale. Pa Idi nsombayo inaphikidwa ndi mpunga, ndipo ngakhale ine Mkhristu anandipatsako chidutswa cha pamimba. Inali yokoma. Ndikulemba zimenezi chifukwa ndi zoona, osati pofuna kunyoza munthu.

Che Wadi sanadye. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba atavala mkanjo wawo woyera, akumasula mbedza pa supuni ndi kapulayala.

"Mwachita bwino," ndinatero, ngakhale mawu otere sandituluka mosavuta.

"Aphunzitsi, supuni ija ndi bodza."

"Nyambo iliyonse ndi bodza. Usipa wa pa mbedza nawonso ndi bodza."

"Ayi. Ya usipa imafa itadyako. Iyi yafera chitsulo." Anapukuta supuniyo pa mkanjo. "Kale ndinkati ndikainamiza, pamapeto ndimaiuza zoona, iyo n'kupita. Dzulo ndinanama zenizeni."

Ndinafuna kuwakumbutsa kuti nsomba ilibe mzimu, koma sindinadziwe ngati ku mzikiti amaphunzitsa chimodzimodzi, ndipo linali tsiku lachikondwerero. Ndinawasiya akumasula.

Kutacha, bwato linapezeka litakokeredwa kumtunda, nkhafi ili m'kati. Pakhonde, m'lichero lomwe lija, munali masupuni onse a Abiti Hafizi, otsukidwa bwino, opanda mbedza, opanda zogwirira, obooka uku ndi uku. Mayiwo anawayang'ana n'kunena kuti bamboyo ngakhale pobweza chinthu amabweza chosathandiza. Ananena mokweza kuti anansi amve, kenako analowa m'nyumba ndipo sanatuluke tsiku lonse.

Mayi wina wogulitsa zitumbuwa pamsewu ndiye anawaona komaliza Che Wadi. Akuti anaima ndi ndodo yawo ndi bokosi, anakana njinga zakabaza, n'kukwera galimoto yolowera ku boma. Anthu a kwa Mponda akuti kumeneko sanafike. Ena akuti anapita ku Thyolo, poti anamva kuti m'madamu a m'minda ya tiyi nsomba ija ilimo. Ena akuti ali ku Joni, kumene amuna a kuno amapita akasowa kopita. Bonface akuti palibe chovuta apa, munthuyo anadikira zaka zonsezi ndipo basi yake inafika. Mayi wa zitumbuwa uja akuti sinali basi, inali lole ya makala, ndipo sanaone kumene inakhotera.