Timitengo Tosathirira

Ganizo lopita ku London ndinalimanga nditakhala pa chidebe m'mphepete mwa msewu ku Lilongwe, pomwe ine ndi mkazi wanga Esinati tinkagulitsa mbande za maluwa m'machubu. Mchemwali wanga Loveness, yemwe ndi namwino ku Edmonton, dera lina la mu London momwemo, anali ataimba foni kuti nazale ina kumeneko ikufuna munthu wodziwa zomera.

"Pitani, bambo a Chifundo," anatero Esinati, manja ali m'dothi. "Pano ndikwanitsa."

Ntchito yake inali yachilendo. Abwana anga, mayi wachizungu wosakonda zolankhulalankhula, ankayesa timitengo ta maluwa tokabzala kumayiko a zigwa zopanda mitengo, kumene mvula ndi yosowa ndipo chisanu chimang'amba nthaka. Tinkabzala lailaki, karagana ndi tina totere mumchenga wosakaniza ndi timiyala, pamtetete pomwe mphepo imawomba momasuka. Lamulo linali limodzi: osathirira. Ine amene ndinakulira ndi keni m'manja, ndinkangoima n'kumaonerera masamba akufota. Tsiku lina ndinabera lamulo, n'kuthira madzi pa kamtengo kena kamene kanandimvetsa chisoni. Abwana anaona chinyezi.

"Ukakathandiza, sitidziwa mphamvu zake," anandiuza.

Dzinja lawo likatha ndinkayenda mzere ndi mzere, kuona nthambi zimene zauma, kuwerenga maluwa, n'kulemba m'buku. Kolephera ndinkakazula ndekha. Madzulo ndinkakwera basi kubwerera m'kachipinda kanga, komwe sabata imatha osamva munthu akunditchula dzina molondola. Ndalama ndinkatumiza mwezi uliwonse. Chifundo analowa sekondale yogonera komweko, nyumba inafoleredwa malata atsopano, ndipo ine ndinkadziona ngati mwamuna.

Lamlungu lililonse tinkaimbirana pa vidiyo. Chaka chachinayi Esinati anayamba kukana vidiyo, ati bando ikumatha msanga. Ankanditumizira zithunzi za maluwa a pamsewu paja, koma iye osaonekapo. Sindinafunse. Kawiri konse ndinasintha ulendo wobwera kumudzi chifukwa timitengo tinali tisanamalize zaka zake zoyesedwa, ndipo kawiri konse iye anati, "Malizani kaye, ife tili bwino."

Foni inandipeza m'mwezi wa Malichi, nditagwada pa mzere wa lailaki amene anali atayamba kuphukira. Anali mlamu wanga, m'bale wake wa Esinati.

"Alamu, limbani mtima. Achemwali atisiya m'mawa uno."

Ndinafika pa bwalo la ndege ku Lumbadzi maliro ataikidwa kale. Kunyumba anandiyalira mpando wabwino pakhonde, anthu n'kumabwera mmodzimmodzi kudzandigwira dzanja. Azimayi a mvano ankatchula masiku amene ankagona ndi Esinati kuchipatala. Mnansi wathu anakamba za galimoto yake imene inkamutengera kukalandira mankhwala a khansa. Onse ankalankhula ngati nkhani yodziwika kalekale.

Anthu atachepa, ndinafunsa apongozi anga, mayi ake a Esinati.

"Amayi, anadwala nthawi yaitali bwanji?"

"Zaka ziwiri, mwananga."

"Nanga ine osandiuza?"

"Anatilumbiritsa tonse. Ankati, munthu ali kozizira yekhayekha, musamusenzetse china. Ngakhale achemwali anu aja ankadziwa."

Loveness, amene ndinkakhala naye benchi imodzi kutchalitchi ku Edmonton! Chifundo naye ankadziwa. Anaweramitsa mutu nditamuyang'ana.

Ku London sindinabwererenso. Sindinakwiyire aliyense, chifukwa palibe amene anandida. Anandikonda monga mmene timakondera mlendo: kumupatsa mbale yabwino, kumuseketsa, za kuchipinda osamuuza. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinkaganiza kuti ndasenza banja langa, chikhalirecho banja linagawana katundu wolemera popanda ine.

Tsiku lomwelo ndinachoka pampando paja n'kukhala pansi, pamkeka pomwe panali apongozi.

"Ndiuzeni zonse," ndinatero. "Muyambire tsiku limene anayamba kumva kupweteka."

Anakonza mpango wawo, kenako anayamba.