Satana wa a Fabiano

A Fabiano anali kalipentala wa pa Phalula, kuseri kwa magolosale a m'mbali mwa msewu waukulu. Mipando yawo mpaka lero ilipo m'nyumba zina, koma mukanawafunsa ntchito yawo yeniyeni akanakuuzani kuti ndi kusema Satana. Chaka chilichonse pa Khirisimasi, Misa ikatha, achinyamata a pa tchalitchi pathu ankachita sewero pabwalo, ndipo sewero lililonse linkafuna mdyerekezi wodzanyenga anthu. Chigoba chovala kumaso cha mdyerekeziyo ankasema a Fabiano. Ine ndinali telala, ndinkasoka zovala za osewera, choncho zomwe ndikunenazi ndinaziona ndi maso angawa.

Vuto linali lakuti Satana wa a Fabiano sankaopsa munthu. Ankamuika nyanga za mbuzi, mano a chimanga, ndevu za khonje, penti wofiira mpaka m'makutu, koma akangotulukira pabwalo ana ankagwa nako kuseka, ena kumuthamangira kuti amukoke mchira. Anthu ankapita kwawo akuyamikira, a Fabiano ankapita kwawo atakwinya nkhope ngati aluma ndimu.

"Satana wosekedwa ndi Satana wanji?" ankandifunsa choncho. "Anthu asiya kuopa tchimo chifukwa cha ine."

Munthu wamkulu ndithu, wa ana anayi, ankakwera njinga mpaka ku msika wa Balaka kukakhala pa butchala n'kumayang'ana mitu ya ng'ombe yosendedwa. Atamva kuti ku Rivirivi apha fisi, anasiya chitseko cha mwini chili theka kukaona mano. Anasunga kadzidzi wakufa m'shedi mpaka akazi awo, mayi Dora, anawauza kuti asankhe pakati pa iwo ndi mbalameyo. Zonsezo ana ankangoseka basi.

Chaka china anaganiza kuti mdyerekezi woopsa ndi wovala bwino, ndiye anamuveka chipewa ndi magalasi. Mawa lake a tcheyamani a chipani anawaitanitsa ndi anyamata awiri a yufi. Anakhala nawo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, funso lili limodzi: chipewacho akutanthauza ndani? Anapulumuka chifukwa abambo mfumu anawapepesera. Kuyambira pamenepo lamulo linali lakuti chigoba chilichonse chiziyamba chaonedwa ndi a tcheyamani, ndipo chisafanane ndi munthu wamkulu aliyense.

Tsopano ndikuuzeni za a Blasius, achimwene awo aakulu. Makolo atamwalira, a Blasius ndiwo analera a Fabiano, ndiwonso anawaphunzitsa kugwira sowo ndi kasemasema. Kenaka anadwala khate, nakakhala zaka khumi ndi chimodzi ku chipatala cha akhate ku Utale. Anabwerako atachira, pepala la adokotala lili m'thumba, koma matendawo anali atadya kale zomwe anafuna. Zala zinatsala zibuntha, mphuno inalowa mkati, nsidze zinathothoka, ndipo diso lakumanzere silinkatsinzina, linkangotuluka misozi.

Mudzi sunawalandire msanga. Poyamba anali ndi kapu yawoyawo, m'tchalitchi ankakhala pansi pafupi ndi khomo. Iwo sanadandaule. Analima dimba m'mbali mwa mtsinje, akumangirira khasu kudzanja ndi lamba wa njinga. Patapita zaka ziwiri amayi anayamba kugula matimati awo, kenaka a kwaya anamva mawu awo a besi n'kuwasendera malo pa benchi. Tsiku limene munthu woyamba anawapatsa moni wa dzanja anabwera pa khonde langa kudzandiuza, akuseka ngati mwana. Chuma cha a Blasius chinali chimenecho, kukhala pakati pa anthu.

Mu 1978, mwezi wa Novembala, abale awiriwa anali pa siteji pamene basi yochokera ku Ntcheu inaima. Mwana wina wachilendo anasuzumira pa windo, anaona a Blasius, nakuwa mpaka kudzikodzera. A Blasius anangotembenuka kuyang'ana kumbali. A Fabiano anabwera kwa ine madzulo ake maso akuwala.

"Atelala, ndachipeza! Nyanga siziopsa iyayi. Nyanga ndi za mbuzi, mwana aliyense amadziwa mbuzi. Choopsa ndi nkhope ya munthu imene yasowa kanthu."

Anadzitsekera m'shedi milungu itatu. Atandiitana kuti ndidzayeze mkanjo, anavundukula chiguduli chimene anaphimbira chigobacho. Panalibe nyanga, panalibe penti wofiira. Panali nkhope yotuwa, mphuno yolowa, pamphumi popanda nsidze, ndi diso limodzi lotong'oka limene analipaka vanishi kuti lizioneka lonyowa.

"A Fabiano," ndinatero, "awatu ndi achimwene anu."

"Iyayi, taonani makutuwa, ndawatalikitsa. Palibe angazindikire."

Sindinawaletse, ndipo zimenezo zimandiwawa mpaka lero. Ndinkafuna nanenso kuona sewero lathu likuopsa anthu kamodzi kokha. A tcheyamani anabwera, anachitembenuza uku ndi uku, nati, "Ichi chili bwino. Sichikufanana ndi munthu aliyense wofunika." Iwonso anazindikira, musanamizidwe. Tonse atatu tinadziwa.

Tsiku la Khirisimasi dzuwa linali paliwombo, bwalo litadzaza, ngakhale anzathu achisilamu anabwera kudzaonerera monga mwa chaka chilichonse. A kwaya anakhala pa benchi kutsogolo, a Blasius pakati pawo atavala shati yoyera imene ndinawasokera ndekha. Satana anatuluka kuseri kwa tchalitchi akuyenda pang'onopang'ono, manja atawapinda m'mikono ya mkanjo. Palibe anaseka. Bwalo lonse linangoti zii, kenaka ana anayamba kulira, ena kubisala m'zitenje za amayi awo. A Fabiano anali ataima pambali panga, ndipo ndinawamva akupuma mokhutira.

Pamenepo mtsikana wina wamng'ono anakuwa ali kumsana kwa amake: "Amayi, Satana uja ndi a Blasius!"

Mitu yonse inatembenukira ku benchi ya kwaya. A Blasius anayang'ana chigobacho nthawi yaitali. Sewero litatha anaomba m'manja ndi zibuntha zawozo pamodzi ndi anthu ena onse, nadzuka kupita pomwe tinaima.

"Fabiano, dzanja lako lakhwima," anatero. "Mphuno wailondola bwino. Ine galasi ndinasiya kale kuyang'anamo, ndiye sindinkadziwa kuti ndafika pamenepa."

"Achimwene, si inu..."

"Usaname pa Khirisimasi."

Zomwe anamanga zaka zonse zija zinagwa pa milungu itatu. Ana akawaona panjira ankabalalika akukuwa kuti Satana. Amayi amene ankagula matimati anayamba kulambalala, ati mwana akana kudya ndiwo akamva komwe zachokera. Pa benchi ya kwaya mpata unayamba kukula mbali zonse ziwiri. Akuluakulu omwe, anthu obatizidwa, anayamba kunong'onezana kuti mwina mng'ono wawo akudziwapo kanthu, nanga munthu angaseme m'bale wake kukhala mdyerekezi popanda chifukwa? Ndimati ndikakumbuka zimenezi mtima umandinyansira anthu a kwathu, ndi ine ndemwe.

A Fabiano anachiwaza chigobacho ndi nkhwangwa n'kuchitentha. Anaima m'tchalitchi kupepesa pamaso pa mpingo wonse. Sizinathandize, pakuti ana anali ataona kale.

Chimanga chisanamasule, a Blasius anamanga bulangete ndi poto, nayenda wapansi kubwerera ku Utale. Sanadwalenso ayi. Anangopempha masisitere kuti awapatse kanyumba pakati pa odwala, komwe nkhope yawo sinkadabwitsa munthu. Dimba lija linamera udzu.

A Fabiano ankapalasa njinga kupita kumeneko mwezi uliwonse, atanyamula ufa ndi shuga. A Blasius ankawalandira mwaulemu wopweteka, ulemu wopatsa mlendo. Ankawayalira mphasa panja, iwo n'kukhala mkati kuseri kwa chitseko, n'kumafunsa za mvula ndi za ana. Zaka zisanu zinatha choncho. A Fabiano sanasemenso chigoba, anaonda, ndipo mipando yawo inayamba kutsimphina miyendo.

Uthenga wa maliro unafika mu 1984, m'nyengo yokolola. A Fabiano anakhoma bokosi la mlombwa, labwino koposa onse amene ndinawaonapo, ndipo tinalikweza pa ngolo kupita nalo ku Utale. Panjira anandiuza kuti chomwe akufuna n'chimodzi, pa nthawi yoona nkhope agwade, awayang'ane achimwene awo ndi kuwapepesa bwinobwino.

Titafika, amuna anayi a kumeneko analandira bokosi n'kulowa nalo m'kanyumba kaja. A Fabiano atafuna kutsatira, mkulu wina wopanda zala, dzina lake a Elliam, anaima pakhomo.

"Pepani bambo, malemu anasiya mawu. Anati aliyense aone nkhope, koma mng'ono wawo iyayi."

Tonse tinalowa mmodzimmodzi, ngakhale woyendetsa ngolo amene sankawadziwa n'komwe. A Fabiano anatsala panja, atagwira chipewa m'manja. Kenaka a Elliam anatuluka kudzawabwereka hamala yokhomera bokosi lija, poti kumeneko analibe, ndipo a Fabiano anaitulutsa m'thumba n'kupereka.