Chuku pa nsapato za azakhali

Azakhali anga amagulitsa nsapato zachikopa m'kachipinda kopanda zenera kumapeto kwa msika, ndipo sakhulupirira munthu. Kasitomala akamayesa nsapato ya kumanja, ya kumanzere amaipanira kukhwapa. Chokhacho chimene amachikhulupirira ndi kansalu kopukutira nsapato, kamene anayamba nako malonda. Sakachapa. Amati ukakachapa, mwayi umapita ndi thovu.

Ine anandipatsa ngodya yokolekapo malamba amene ndimagulitsa, ndi kiyi wachiwiri. Mvula itayamba, nsapato zinatuwa ndi chuku. Ankazipukuta madzulo aliwonse, koma chukucho chinkabwerera, mpaka pa nsapato zongofika kumene.

Anayamba kukayikira telala wa khomo loyandikana.

"Amene uja amandisekerera chiyani m'mawa? Pali chimene akuwaza muno."

"Amasekerera aliyense, azakhali. Mano ndi ake."

Kenako mlonda. Kenako anandiyang'ana ine nthawi yaitali.

"Nanga malamba ako sakuchita chuku bwanji? Ukufuna chipinda chonse, eti? Bweretsa kiyi. Sabata ikatha upeze pena."

Penapo ndinalibe. Ndinadzifunsa kuti n'chiyani chimakhudza nsapato zonse koma osakhudza malamba anga. Ndinakumbukira za kusukulu, zoti chuku chimasiya timbewu tosaoneka ndi maso, togona chilimwe chonse ngati takufa, mpaka chinyezi chitidzutse.

Ndinadula lamba mmodzi pakati iwo akuona. Chidutswa china ndinachipukuta ndi kansalu kawo, chinacho ayi. Ndinaziwaza madzi n'kuzitsekera, chilichonse m'botolo lake. Mabotolowo anapita nawo kwawo kuti ndisachite chinyengo. Akuti ankagona nawo kumutu.

Sabata isanathe anabwera nawo. Chidutswa chopukutidwa chija chinali chitamera ndevu zotuwa. Chinacho chinali ndi kadontho kamodzi basi.

"Ndiye kuti ndimafesa ndi manja anga?" anafunsa.

"Nsapato iliyonse, azakhali."

Anatereka madzi pambaula, ndipo atawira anaponyamo kansaluko atayang'ana kumbali, ngati akutsanzikana ndi m'bale. Kiyi anandiponyera pamiyendo.

Telala anasuzumira pakhomo. "Mwayamba kuphika nsanza, mayi? Mundigawireko msuzi."

Azakhali anadikira kuti achoke, n'kundinong'oneza: "Timbewuto tinagona m'kansalu, chabwino. Koma kansaluka anandidulira ndani poyamba paja? Si yemweyu?"